Mtima wa Galimoto ya Abednego

Mitundu
12 Ogasiti 1996

Abednego mwana wa mlongo wanga,

Moni wochokera kuno kumudzi. Ife tadzuka, kaya iwe ku Joniko? Akundilembera ndi aphunzitsi a Zipora, pakuti ukudziwa kuti dzanja langa limadziwa khasu basi. Ndawauza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, asadule, ngakhale ayamba kale kuyang'ana kumapeto kwa pepala.

Mkazi wako Felesiya ali bwino, pakati pakukula. Azimayi akuti nthawi yake ndi mvula ikakhazikika. Sindinaiwale zimene unanena tsiku lija unaimika galimoto pansi pa mango n'kukwera basi kubwerera kuntchito. Unati mwana wanu woyamba anatisiya panjira, amake ali pa ngolo, denga la chipatala tikuliona, ndiye ulendo uno mkazi wako sakweranso ngolo. Ndinakulonjeza. Kiyi ndinamumanga pachingwe, ali m'khosi mwanga, ndimasamba naye.

Koma iwe, unandisiyira galimoto kapena unandisiyira mlandu? Kukangocha pakhomo panga pali anthu ngati pachigayo. Uyu maliro ku Diamphwe. Uyu akufuna kukatenga mkwatibwi. Wina, munthu wamkulu ndi ndevu zake, akuti mbuzi yake ikutsokomola, ikaonedwe ndi alangizi. Wa mbuziyo ndinamuthamangitsa. Nanga wa maliro ungamukane? Ukamukana, tsiku lako ndani adzakukumbira manda? Woyendetsa ndi Gilibati, uja wokonza njinga amene ankayendetsa thalakitala ku esiteti. Wagula magalasi akuda, akuyenda ngati galimotoyo anabadwa nayo.

Sabata yatha anaipempha kuti akaone wodwala kufupi ndi Dzalanyama. Inagona komweko, inabwera ikununkha makala mpaka m'mipando. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa: Felesiya akanayamba kudwala tsiku limenelo, ndikanamukweza pa chiyani? Pamsana?

Chinanso. Gilibati akuti akaponda buleki mwamphamvu pamsewu wa miyala, pedulo imanjenjemera pansi pa phazi, ndipo kutsogoloku china chake chimalira kuti drrr. Kodi ndi matenda? Undiuze, ndipo undiuzenso chochita ndi anthuwa, chifukwa ine ndaonda.

Ndine malume ako,
Efulemu


Johannesburg
2 Sepitembala 1996

Okondedwa Amalume,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ine ntchito ya pagalaja ikuyenda, kungoti kuzizira sikunatheretu.

Amalume, galimotoyo si ya mudzi. Ndinaisiyira munthu mmodzi, ulendo umodzi. Akabwera opempha muziwauza kuti yawonongeka, basi. Zikakuvutani, Gilibati achotse batire mulisunge m'nyumba. Tsiku likafika n'kungobwezera, ndi mawaya awiri okha.

Za kunjenjemera kwa pedulo musade nkhawa. Si matenda. Ikamatero ndiye kuti ili moyo, zonse zikugwira ntchito. Ndidzakufotokozerani bwino ndikabwera pa Khirisimasi.

Felesiya ndamulembera yake payekha. Moni kwa aphunzitsi, ndikuthokoza chifukwa cha dzanja lawo.

Ndine mwana wanu,
Abednego


Mitundu
25 Sepitembala 1996

Abednego,

Moni. Tili moyo. Kalata yako aphunzitsi andiwerengera n'kubwerezanso, chifukwa poyamba ndinayesa makutu anga ndi amene alakwa. Ine ndiname? Ine mkulu wa mpingo, amene ndimagawira anthu mgonero, ndiime pakhomo panga n'kunena kuti yawonongeka pamene ili bwinobwino? Kaya ku Joniko bodza mumagula m'sitolo, koma kuno ayi.

Za batire ndinayesa. Iwe waiwala kwanu! Kuno aliyense amene anagulitsako fodya ali ndi batire la wailesi ya kaseti. Tsiku lomwelo anayamba kufika, aliyense batire lake pakaliyala. Wina anachita kundithokoza ndi manja awiri kuti ndamupatsa potchajira paulere.

Ndiye ndinaitana Gilibati. Ndinati, "Gilibati, ndikufuna galimotoyi ife imfa yeniyeni, yoti ndingathe kuinena ngakhale m'tchalitchi, koma idzadzuke tsiku la Felesiya. Chotsa chinthu chimene munthu sangabwere nacho pa njinga."

Iye anavula magalasi aja n'kuti, "Madala, nkhani yochepa. Mwiniwake walemba yekha kuti chonjenjemera chija ndiye moyo wake. Tichotse mtimawo."

Batire tinabwezera. Tinatsegula boneti, iye n'kulondola kumene kumachokera kulira kuja. Pakona pali njerwa ya chitsulo choyera, yolemera ndithu, yolowamo timapaipi tisanu ndi kamodzi. Kumbali kwake kwamatirira kamota kozungulira ngati chitini cha mkaka. Mbali inayo kuli kabokosi kakuda ka pulasitiki, kali ndi pakamwa pa timano tambirimbiri ngati chipeso, pamene palowa mtolo wa mawaya. Gilibati anati, "Mwaona, madala? Mitsempha ndi iyi." Atamasula, magazi ake anatulukadi, achikasu ngati mafuta ophikira. Pamene anadonthera penti yasupuka, koma pang'ono, usayambe kulira.

Ankafuna kuyesa kuiliza kuti tione ngati yafadi. Ndinakana. Kutha petulo chifukwa chofunsa maliro ngati amwaliradi?

Tsono ine ndimadzidziwa, mtima wanga ndi wofewa. Akhoza kubwera namfedwa akulira, ine n'kubwezera. Choncho ndagawa. Njerwa ili pansi pa bedi langa. Kamota kali kwa Gilibati. Kabokosi kakuda ndinapalasa nako njinga ndekha mpaka ku Nathenje kwa mayi ako, achemwali anga a Esitere. Tsopano ndikati yafa ndikunena zoona, pakhomo pali zii, ndipo thupi layamba kubwerera.

Usandithokoze, ndi ntchito ya umalume.

Efulemu

A Abednego, ndine wolembane. Ndinawapempha kuti ayambe akufunsani. Anandiyankha kuti boma linandituma kuphunzitsa ana, osati nkhalamba. Zipora.


Johannesburg
9 Okotobala 1996

Amalume,

Moni wa lero ndi wachidule. Chimene mwachotsacho si mtima. Ndi mabuleki! Galimotoyo ilira bwinobwino, iyenda, koma siima. Chonde, chonde, munthu asaikhudze.

Aphunzitsi, muwawerengere pang'onopang'ono. Chipangizocho kuno timachitcha ABS. Munthu akaponda pedulo, mafuta a mabuleki amadutsa m'njerwa mukunenayo asanapite ku mateyala. Mapaipi awiri ndi olowetsa, anayi ndi otulutsa, teyala lililonse yake. M'kati mwa njerwamo muli timavalavu totseka ndi kutsegula. Kabokosi kakuda ndi kompyuta. Kamamva kudzera m'mawaya ochokera ku mateyala ngati teyala lina lagwidwa kwambiri n'kuyamba kukhwekhwereza. Pamenepo kamalamula timavalavu kuti tilimasule pang'ono, tiligwirenso, timasule, tigwire, mofulumira kwambiri, kuti galimoto isatereke. Kamota kamayendetsa pampu yobweza mafutawo. Kunjenjemera ndi kulira kuja n'kumeneko. Pochotsa njerwa mwasiya mapaipi onse ali yasa, ndipo chimene mukuti magazi ndi mafuta a mabulekiwo.

Sonkhanitsani zinthu zitatuzo. Musazitsuke ndi madzi, fumbi lisalowe m'mabowo. Paipi iliyonse ili ndi bowo lake, zisasinthane. Pafunika mafuta a mabuleki atsopano, osati oyilo wa injini, ndi kutulutsa mpweya pa teyala lililonse. Gilibati asayese yekha. Mupeze makanika wa ku tawuni. Chogwira chimene chatsala ndi buleki ya pamanja yokha, chifukwa imakoka ndi waya, koma imeneyo si yoyendera ulendo.

Felesiya apite ku chidikiro kuchipatala Novembala akangoyamba, asadikire galimoto. Amalume, ndinangokupemphani kuti muchotse batire.

Abednego


Nathenje
20 Okotobala 1996

Mwana wanga Abednego,

Ndine mayi ako, ngati ukundikumbukirabe. Ndili bwino, kupatula miyendo. Sindikufunsa za moyo wako chifukwa ndimaumvera kwa anthu a ku Mitundu, amene amalandira makalata.

Galimoto unasiyira amalume ako. Mkazi unasiyira amalume ako. Ine amene ndinakubereka ndalandira chiyani? Kabokosi. Anafika kuno thukuta lokhalokha, njinga ili mbuu, n'kuti, "Achemwali, sungani ichi, musandipatse ngakhale ndilire." Ndinafunsa ngati ndi wailesi imene unandilonjeza. Akuti ayi. Atapita ndinakaika pakhutu, sikalankhula. Ndinakakulunga m'chitenje n'kukaika mumtsuko wa nyemba, mmene mbewa sizifika.

Koma ndine wamkulu, ndaimva nkhaniyi. Galimoto singayende popanda kabokosika, ndiye kuti amene wakasunga ndi amene ali ndi mawu. Mawu anga ndi awa. Felesiya adzachirire kuno ku Nathenje, m'manja mwa apongozi ake. Kuno msewu wa tala uli pakhomo. Amalume ako akudziwa chiyani za uchembere? Anabereka ndani? Ulendo woyamba uja sanandiitane mpaka zonse zitatha, ndinangofikira kulira. Ulendo uno ayi.

Amubweretse pa galimotoyo, akafika ndiwapatsa kabokosi kawo.

Ukamabwera pa Khirisimasi usaiwale bulangete, ndi wailesi yeniyeni, yolankhula.

Mayi ako,
Esitere


Mitundu
6 Novembala 1996

Abednego,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Kalata yako ya mabuleki inagona ku positi pafupifupi mwezi, chifukwa kiyi wa bokosi la sukulu anapita naye ahedi ku maliro kwawo. Yafika Lachiwiri. Zoopsa zinachitika Lolemba. Ukanalemba msanga!

Anabwera anyamata a chipani. Usandifunse chipani chiti, masiku ano ukagona ukadzuka chabadwa china. Akuti akufuna galimoto anyamulire chimkuzamawu ku msonkhano. Ndinati yafa. Wamtali wa kapu anati, "Madala, mukutimana chifukwa ndinu a chipani chinacho." Ine magazi anakwera. Ndinavula kiyi m'khosi n'kuti, "Tenga, mwana iwe, uilize ngati uli ndi mankhwala odzutsa akufa."

Abednego, inalira. Vuuu, kamodzi kokha! Azimayi amene ankachokera kumjigo anatula ndowa n'kuyamba kuseka. Wina anati, "Ee, akulu a mpingo!" Mwezi wonse ndakhala ndikuuza anamfedwa kuti yafa, ndipo ili apo ikubangula pamaso pa mudzi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndisanatsegule pakamwa mnyamata uja waiyendetsa. Inatsika njira ya kudambo. Tinangoona mutu wake ukutuluka pawindo akukuwa, "Siikuima! Siikuima!" Inadutsa pokhotera, inadumpha mizere ya munda wa eni ake, inakaima pachulu. Nyali imodzi yasweka, bampala yapindika. Mnyamatayo wangodziluma lilime, moti ku msonkhanoko anakakhala chete. Galimoto tinaikoka ndi ng'ombe zanga kubwerera pansi pa mango.

Tsono usandikalipire ndi mavalavu akowo. Analemba kuti chonjenjemera ndiye moyo ndani? Ine?

Ndachita zimene unanena. Kamota ndinakapeza Gilibati atakamangirira chibenthu cha chitini, akalumikiza ku batire, kakumukupizira mphepo pamene akumata machubu. Ndinalanda. Kenaka ndinapalasa mpaka ku Nathenje. Mayi ako anandipatsa mpando, anandipatsa thobwa, n'kuti, "Unati ndisakupatse ngakhale ulire. Lira ndione." Akuti ndibwere ndi galimoto ndiye andipatsa. Ndinati, "Achemwali, ibwera bwanji pamene chake chili mu nyemba zanu?" Akuti imeneyo ndi nkhani ya amuna. Ndinabwerera chimanjamanja, matako akuwawa.

Pamene ndinali kumeneko Gilibati anabwezera njerwa yekha. Akuti mapaipi sakumbukira kuti iti inali pati, koma onse alowa, kupatula imodzi imene yapindika mutu. Ukaponda pedulo imangomira ngati waponda m'phala. Makanika wa ku tawuni ndinamutumira uthenga. Akuti abwera Loweruka. Loweruka lake sananene.

Za chidikiro ndamuuza Felesiya. Akuti apita akangobzala, sangasiye mbewu m'nyumba n'kukakhala pakhonde la chipatala kuwerenga ntchentche. Azimayi akumuvomereza, akuti nthawi ikadalipo. Ine ndikalowererapo amandiuza kuti ndikaone mbuzi.

Ndatopa nawe, ndatopa ndi mayi ako, ndatopa ndi chitsulo chakochi.

Efulemu


Johannesburg
15 Novembala 1996

Amayi,

Ndalandira kalata yanu. Bulangete ndibwera nalo, wailesinso. Koma chonde perekani kabokosiko lero lomwe, tumani munthu pa njinga. Si nkhani ya amene ali ndi mawu. Ndipo mupite ku Mitundu mukakhale pafupi ndi Felesiya. Sindinakuiwaleni, ndinangoopa miyendo yanu.

Mwana wanu,
Abednego


Mitundu
22 Novembala 1996

Abednego mwana wa mlongo wanga,

Khala pansi. Aphunzitsi akuti ndiyambe ndi mapeto kuti usakomoke, ndiye mapeto ndi awa: Felesiya wachira, mwana ndi wamkazi, akulira ngati agogo ake a ku Nathenje. Tsopano undilole ndiyambe poyambira.

Mvula inagwa Lachitatu, tonse tinabzala. Felesiya anati mawa lake anyamuka kupita ku chidikiro, katundu anamanga. Mwana sanamve zimenezo. Lachinayi m'mawa, kukuwazabe, ndili kukhola, anabwera mayi wina akuthamanga, chitenje m'manja: "A Efulemu, nthawi yakwana, ndipo sizili bwino, tifulumire."

Makanika wako wa Loweruka anali asanaoneke. Gilibati anafika n'kuti, "Madala, mangani ngolo, palibe kuchitira mwina." Ndinatulutsa ng'ombe, ndinaziveka goli. Ndikuzikokera ku ngolo, ndinamva mawu pakhomo. Felesiya ataima, azimayi atamugwira uku ndi uku, akuyang'ana ngolo ija, yomwe ija. Anangoti, "Amalume, ngolo ayi."

Sanakuwe. 

Ndinatembenuza ng'ombe. Ndinati, "Gilibati, tcheni ichi, kola pa ngowe ya kutsogolo, monga tinachitira pachulu paja. Injini usailize, ndikakuona ukugwira kiyi ndikudula dzanja. Lowa, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa buleki ya pamanja imene mwiniwake akuti imakoka ndi waya." Felesiya tinamugoneka pampando wa kumbuyo, azimayi awiri pambali, mawindo otseka, mvula osamukhudza.

Pamalo osalala tinayenda bwino. Vuto linali potsetsereka pa kudambo, pamatope. Galimoto inayamba kuthamangitsa ng'ombe. Gilibati akakoka buleki ija, mateyala a kumbuyo amauma, galimoto n'kumapita cham'mbali kulunjika ku ngalande. Akaisiya, bampala ikufuna miyendo ya ng'ombe. Ndinati tathera pano.

Ukudziwa amene anatulukira? Omwe aja ankanditopetsa. Wa maliro a ku Diamphwe, wa makala, wa mbuzi yotsokomola, ngakhale wa chipani uja lilime lake lisanapole. Anamanga chingwe kumbuyo n'kugwira onse. Koma akakoka mwamphamvu osaleka, amaterereka n'kugwa chagada, chingwe n'kuwakhwekhwereza. Pamenepo ndinakumbukira kalata yako. Ndinaima pambali pomwe ndikuona mateyala ndi mapazi awo, n'kuyamba kukuwa: "Gwirani! Masulani pang'ono! Gwirani! Gilibati, siya! Kokanso! Masulani!" Tinatsika choncho, pang'ono pang'ono, galimoto ikunjenjemera monga unanenera. Iwo anali timavalavu tako. Kabokosi kakuda ndinali ine, ndipo mawu andithera mpaka lero.

Pa Mitundu tinalowa anthu ali pikitipikiti pamsika. Kuseka kwake! Wina anakuwa, "Madala, imamwa petulo kapena madeya?" Ameneyo ndamusunga nkhope. Pachipata cha chipatala anamwino anatuluka, anayang'ana ng'ombe, anayang'ana galimoto, anangomutenga Felesiya. Pambuyo pake anandiuza kuti mwana anagona mopingasa, ndipo tinachita bwino kumubweretsa atagona pofewa. Ine ndinakhala pansi pa mtengo, matope mpaka m'makutu, kufikira nditamva kulira.

Mayi ako afika lero m'mawa pa kaliyala ya munthu, kalata yako m'manja. Analowa, anamuona mdzukulu, anatuluka maso ali ofiira. Anamasula chitenje n'kundiika kabokosi m'manja, kakununkha nyemba. Anati, "Sunalire mokwanira, koma tenga." Ndipo andikalipira kuti sindinawaitane, ngati ndinali ndi ng'ombe zina zotuma ku Nathenje.

Tsono mvera. Unati mkazi wako sakweranso ngolo. Sanakwere. Anapita kuchipatala pa galimoto, monga ndinakulonjeza, ndipo aliyense wofuna kutsutsa abwere anditsutse pamaso.

Njerwa, kamota ndi kabokosi zonse zakumana tsopano, zikudikira iwe. Gilibati ndamuletsa ngakhale kuyang'ana boneti. Ubwere ndi mafuta akowo, paipi imodzi, nyali, ndi dzina la mwana.

Ndipo ubwere msanga. Ndikunena pano pakhomo panga pakhala munthu, chipewa m'manja, akuti maliro kuseri kwa Diamphwe. Ndamuuza zoona zokhazokha, kuti galimoto ilibe mabuleki. Akuti palibe kanthu, madala, ng'ombe ndabwera nazo zanga.

Bwera udzatenge galimoto yako.

Ndine malume ako,
Efulemu